Momwe mungatsegulire deta yokiyidwa ikakana kuwerengeka mutakweza MySQL

Maofesi a ma SACCO, makopaletivi a alimi a fodya ndi soya komanso zipatala zing'onozing'ono kuno ku Kasungu amasunga manambala a chitupa cha unzika ndi a foni za Airtel Money kapena Mpamba mu database. Ena amakiya manambalawa kuti asawerengedwe ndi aliyense. Vuto limabuka mukachoka pa pulogalamu ya database ya MySQL 5.7, yomwe eni ake anasiya kuisamalira mu Okutobala 2023, kupita pa 8.0: mayina a mamembala akuoneka bwinobwino, koma pa nambala pangolembedwa NULL, kutanthauza kuti palibe kanthu.

Nthawi zambiri detayo ilipo. Chasintha ndi njira yoitsegulira. Choncho musalembe kanthu pa tebulolo, musafufute seva yakale, ndipo imitsani pulogalamu imene akalaliki amalowetsera mamembala atsopano, chifukwa ikapitiriza muzasakaniza mizere yokiyidwa mwanjira ziwiri. Koperani database yonse pa kompyuta ina, muziyesera pamenepo, ndipo ikhale pa UPS kuopa magetsi kuthima ntchito ili pakati.

Yambani ndi chosavuta. Ngati mukuona zilembo zoyamba ndi 0x, palibe chalakwika. Kuyambira pa 8.0.19, pulogalamu ya mysql imaonetsa zotuluka mu AES_DECRYPT, lamulo lotsegulira deta yokiyidwa ndi njira ya AES, ngati hex (mabayiti olembedwa ndi 0-9 ndi A-F). Lembani CAST(AES_DECRYPT(nambala, kiyi) AS CHAR) ndipo ziwerengeka.

Kenaka onani malamulo amene pulogalamu yanu imagwiritsa ntchito. MySQL 8.0 inachotseratu DES_ENCRYPT, DES_DECRYPT, ENCODE, DECODE ndi ENCRYPT. Ngati deta inakiyidwa ndi DES kapena ENCODE, seva yatsopanoyo siingaitsegule, kaya mukonze zotani. Ikani 5.7 pa kompyuta yosalumikizidwa pa intaneti, bwezeretsani backup, onjezani kolamu ya VARBINARY, tsegulani ndi lamulo lakalelo n'kukiyanso ndi AES_ENCRYPT mu kolamu yatsopanoyo. Mukatero ndiye musamutse. Kope lotsegulidwa lisatsale pa flash, chifukwa lamulo la Data Protection Act la 2024 limafuna kuti zinsinsi za anthu zitetezedwe.

Ngati munkagwiritsa ntchito AES kale koma mukulandira NULL, lembani izi pa seva zonse ziwiri:

SELECT @@block_encryption_mode;

Seva yongoikidwa kumene imayankha aes-128-ecb. Yakale mwina inali pa aes-256-cbc, ndipo mzere umenewo unali mu my.cnf, fayilo ya makonzedwe a seva, imene munaisiya kumbuyo. Yesani kaye ndi SET SESSION block_encryption_mode = 'aes-256-cbc'; pa mzere umodzi wa membala amene nambala yake ili pa fomu ya pepala. Kumbukirani kuti CBC imafuna init vector, mabayiti 16 oyambira pokiya, ngati gawo lachitatu la AES_DECRYPT, ndipo iyenera kukhala yomweyo imene munakiyira nayo. Zikatheka, lembani block_encryption_mode=aes-256-cbc mu my.cnf yatsopano ndi kuyatsanso seva.

Povuta kwenikweni ndi pamene mabayiti enieniwo asintha, ndipo apa m'pofunika kudekha. Anthu ambiri anasunga deta yokiyidwa mu VARCHAR, kolamu ya zilembo, m'malo mwa VARBINARY kapena BLOB, makolamu a mabayiti. Pa 5.7 zinkayenda popeza zilembo zinali za latin1. Pa 8.0 zoyambira ndi utf8mb4, ndiye tebulo likatembenuzidwa, bayiti iliyonse yoposa 7F imasanduka mabayiti awiri kapena atatu. Kiyi ndi yolondola, koma loko wapindika. Yesani motere:

SELECT COUNT(*) FROM mamembala WHERE LENGTH(nambala) % 16 <> 0;

Pa ECB ndi CBC, utali wa deta yokiyidwa umagawika ndi 16 popanda chotsala. Yankho likaposa ziro, ndiye kuti mabayiti asokonekera, pokhapokha ngati munkasunga monga base64. Yesani kubweza ndi CAST(CONVERT(nambala USING latin1) AS BINARY) musanatsegule. Kawirikawiri zimatheka. Koma mukayang'ana HEX(nambala) n'kupeza 3F akubwerabwera, pamenepo MySQL inaika chizindikiro cha funso m'malo mwa bayiti imene sinaizindikire, ndipo yoyambayo yapita. Bwererani ku seva yakale, sinthani kolamuyo ikhale VARBINARY, ndipo tulutsani ndi mysqldump --hex-blob kuti mabayiti asakhudzidwe m'njira.

Palinso kasokonezo kofanana nako pa mayina athu. Mukatsegula n'kupeza Malaŵi walembedwa MalaÅµi, kiyi yagwira ntchito. Mabayiti awiri a ŵ, omwe ndi C5 ndi B5, akungowerengedwa ngati latin1. Gwiritsani ntchito CONVERT(... USING utf8mb4) ndipo onani kuti pulogalamu yanu ikulumikizana ndi seva pa utf8mb4.

Ngati tebulo lonse likukana kutseguka, onani ngati linapangidwa ndi ENCRYPTION='Y'. Kiyi yaikulu ya matebulo otere imakhala mu fayilo ya keyring, yomwe malo ake alembedwa pa keyring_file_data. Koperani fayiloyo, onetsetsani kuti mwini wake ndi mysql, ndipo my.cnf ikhale ndi early-plugin-load=keyring_file.so. Fayiloyi ikatayika, ndipo mulibe mysqldump yakale, palibe katswiri wa ku Lilongwe kapena kunja amene angakutsegulireni. Amene mukupita pa 8.4 dziwani kuti keyring_file inachotsedwa, choncho samutsirani makiyi ku component_keyring_file musanakweze.

Ogwiritsa ntchito PostgreSQL, pulogalamu ina ya database, nawo ali ndi msampha wawo. Ubuntu 22.04 imabwera ndi OpenSSL 3.0, yomwe siiyatsa yokha njira zakale zokiyira za Blowfish ndi DES, ndiye pgcrypto, chida chokiyira deta cha PostgreSQL, imakana. Yatsani legacy provider mu openssl.cnf, yatsaninso seva, tsegulani deta n'kuikiyanso ndi AES, kenaka muzimitsenso.

Musanalole akalaliki kuyambanso ntchito, werengani mizere imene kolamu yake ili ndi deta koma AES_DECRYPT ikubweza NULL. Ikhale ziro. Kenaka tengani mafomu 20 m'kabati mufanizire nambala imodzi imodzi, popeza kiyi yolakwika nthawi zina imatulutsa zinyalala m'malo mwa NULL. Seva yakale ikhale pomwepo, yozimitsidwa, mpaka malipoti a kutha kwa mwezi atuluke bwino.