Galu wa aneba akukusowetsani mtendere kuno ku Joni? Zochita ndi izi, tameki musiyeni

Ambirife timalawira 5 koloko kukakwera taxi, ndiye nthawi yomwe aneba ena amatsekula geti kutulutsa galimoto, pitbull yatulukira pomwepo. Kumudzi ukangowerama ngati ukutola mwala galu amathawa, awa akunowa ayi ndithu, amabwerabe.

Choyamba jambulani. Vidiyo ya galuyo ali pamsewu opanda chingwe, bowo la pampanda, geti losatseka bwino, nambala ya nyumba izioneka. Muzilemba tsiku ndi nthawi, olo mu WhatsApp momwemo. Kuno mawu apakamwa sapita patali.

Kenako kalankhuleni ndi mwini wake, masana, mwaulemu, musalowe mu yadi mwake. "Bwana, galu wanu akumatuluka m'mawa ana akamapita ku sukulu, tithandizeni geti lija." Mukabwerako tumizani meseji yobwereza zomwezo kuti pakhale umboni oti munawauza. Ngati mukukhala m'backroom dutsirani kwa landilodi, mu complex uzani a body corporate.

Akakuyankhani zamwano pitani kwa a JMPD, apolisi a Metro a mzinda uno. Mzinda wa Johannesburg uli ndi ma by-law ake a agalu ndi amphaka, galu saloledwa kuyenda pamsewu opanda chingwe ndi omugwira, ndipo oyang'anira malamulowa ndi a Metro omwe aja timangowadziwa ndi ma roadblock. Imbani 011 375 5911, fotokozani, ndipo musadule foni asanakupatseni reference number. Akachedwa imbaninso ndi nambala yomweyo, uzaninso khansala wa ward yanu, aneba ena akadandaula nawo nkhani imalemera. A ku Tembisa, Kempton Park ndi Germiston inu ndi a Ekurhuleni, anu ndi EMPD.

SPCA anthu amaisokoneza. Iwowa amaona za nkhanza kwa ziweto pansi pa Animals Protection Act ya 1962, si apolisi a milandu ya pa neba. Koma taonetsetsani, agalu olusa ambiri ndi aja omangidwa tcheni chachifupi tsiku lonse padzuwa, mbale ya madzi ili gwa, khosi lonse zilonda. Zikakhala choncho inspector wawo amabwera, kuli ofesi ku Booysens, ku Randburg, ku Marlboro.

Tsono akaluma. Tsukani balalo ndi sopo pa madzi oyenderera kwa mphindi 15, osati kungopukuta ndi Dettol nkumanga kansalu ayi, mphindi 15 zenizeni, kenako ku kiliniki tsiku lomwelo chifukwa chiwewe chikayamba kuonetsa zizindikiro sichichizika. Funsani mwini galu khadi ya katemera, lamulo la dziko lino limati galu aliyense abayidwe wa chiwewe. Za mapepala zisakugonetseni ndi bala m'nyumba, Constitution pa section 27 imati munthu asakanizidwe chithandizo cha emergency.

Mukatero katsekuleni kesi ku polisi, mutenge fomu ya J88 dokotala alembe mabalawo, musunge case number. Animal Matters Amendment Act ya 1993 imati chiweto chikavulaza munthu chifukwa cha kusasamala kwako utha kulipitsidwa faini kapena kumangidwa mpaka zaka 2. Za chipukuta misozi ndi nkhani ina payokha ndipo apa lamulo lili mbali yanu, simufunika kuonetsa kuti mwiniyo analakwitsa penapake, bola galu ndi wake, simunamupute ndipo munali pamalo oyenera. Mu 2020 Supreme Court of Appeal inagamula chonchi pa mlandu wa bambo wina wa maganyu a m'garden ku Port Elizabeth, analumidwa ndi agalu atatu pamsewu mpaka kudulidwa mkono, mwini agalu ankati geti linatsekulidwa ndi munthu wina koma khothi linati alipirebe. Inu a piece job ya garden ndi kitchen imeneyi muisunge. Ngati ndalama zake ndi zochepa kuli Small Claims Court (malire ake mu 2019 anawaika pa R20 000), loya safunika, mumayamba ndi kalata yomupatsa masiku 14 kuti alipire. Marisiti a mankhwala, a transport, masiku omwe mwajomba ku ntchito, zonse sungani.

Za tameki uja, kuno amati two-step, ndikudziwa ena mwaganiza kale zoika mu nyama nkuponya kuseri kwa mpanda. Kuthira galu poizoni ndi mlandu pa lamulo la 1962 lomwe lija, nyamayo atha kutola ndi mwana, komanso ndi njira yomwe akuba amagwiritsa ntchito asanathyole nyumba ndiye mlendo ngati inu akakuganizirani mudzafotokoza movutika. Mwini galu akayamba kukuopsezani chifukwa munamunenera, ku magistrate court kuli protection order ya harassment, ndipo galu akakhala kuti akuluma munthu pompano imbani 10111, pa foni ya m'manja 112.