Momwe mungasinthire kompuresa ya eyakoni ya galimoto yanu panyumba

Eyakoni ya galimoto imakonda kuonetsa vuto lake m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha kwafika poti munthu wotsikira ku Chikwawa kapena wolowera ku Salima sangayende atatseka mawindo. Galimoto zambiri zimene tikuyendetsa kuno zinachokera ku Japan zitayenda kale zaka zingapo, choncho kompuresa yake, pampu imene imakankha gasi wozizirits​a ndipo kawirikawiri imakhala ya kampani ya Denso kapena Sanden, imakhala itatopa isanatsike n'komwe pa doko la Dar es Salaam. Munthu amene anazolowera kugwira sipanala angathe kuisintha panyumba, ndipo ine ndinaisintha pa Toyota Corolla yanga. Komabe kumasula ndi kumanga mabawuti ndi gawo laling'ono la ntchitoyi. Kompuresa yatsopano imakhalitsa ngati m'kati mwa mapaipi muli moyera, oyilo ndi wokwanira bwino, ndiponso chinyezi chachotsedwa.

Ngati galimoto yanu ndi ya hybrid, monga Prius kapena Aqua, malangizowa si anu. Kompuresa ya galimoto zimenezo siyendetsedwa ndi lamba koma ndi magetsi amphamvu kwambiri odutsa m'mawaya a mtundu wa olenji, amene angathe kupha munthu, ndiponso imafuna oyilo wakewake wa ND-OIL 11. Imeneyo muipereke kwa katswiri.

Choyamba tsimikizani kuti kompuresa yafadi, chifukwa anthu ambiri amagula yatsopano pamene vuto linali fyuzi. Lizani injini, yatsani eyakoni, ndipo muyang'ane kambale kachitsulo kamene kali kutsogolo kwa pule ya kompuresa. Eyakoni ikayatsidwa, kambaleko kamayenera kugwira ndi kaphokoso kakang'ono n'kuyamba kuzungulira limodzi ndi pule. Kakapanda kugwira, onani fyuzi ndi relay. Pa galimoto zambiri relay ya eyakoni imafanana ndi ya hutala, ndiye mungathe kuzisinthanitsa kwa kanthawi kuti muyese. Gasi akachepa kwambiri, swichi yoyeza mphamvu ya gasiyo imaletsa kilachi, kutanthauza kambale kaja, kugwira pofuna kuteteza kompuresa, ndipo apo vuto ndi kudontha kwa paipi kapena kondensa, chipangizo chotayira kutentha kwa gasi chimene chili kutsogolo kwa rediyeta. Nthawi zina mpata wa pakati pa kambale ndi pule umangokhala utakula chifukwa cha kutha kwa zitsulo. Mpatawu umayenera kukhala pafupifupi theka la milimita, ndipo kuchotsapo kawashala kamodzi kumbuyo kwa kambaleko kumaubweza m'malo mwake. Phokoso limene likumveka ngakhale eyakoni ili yozimitsa limachokera ku bering'i ya pule, yomwe imasinthidwa payokha. Kompuresa yeniyeni yafa ngati kambaleko kakukana kuzungulira ndi dzanja injini ili yozima, ngati lamba akulira ndi kununkha kupsa mukangoyatsa eyakoni, kapena ngati kilachi yagwira koma mageji oyeza mphamvu ya gasi a mbali zonse ziwiri, yolowera ndi yotulukira mu kompuresa, akuonetsa mphamvu yofanana ngakhale gasi ali wokwanira.

Pokagula ina, jambulani nambala imene ili pa kachikwangwani ka kompuresa yakale, muwerenge mizere ya pa pule, ndipo muonenso maonekedwe a pulagi ya waya. Makompuresa awiri angathe kufanana ndithu poyang'ana koma n'kusiyana pamene paipi imalowa. Kuyambira pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, yatsopano yeniyeni inafika pa mtengo umene ambiri sangaufikire, n'chifukwa chake timathamangira zochotsedwa pa galimoto zangozi zimene zimapezeka ku Biwi mu Lilongwe kapena ku Ndirande mu Blantyre. Yogwiritsidwa kale ntchito si yoipa nthawi zonse, koma musalandire imene mabowo ake a mapaipi anasiyidwa pululu pa shelefu, chifukwa oyilo wa m'kati mwake amayamwa chinyezi cha mumpweya mofulumira. Izungulizeni ndi dzanja mumve ngati ikuyenda mosalala, ndipo muipendeketse kuti oyilo pang'ono adonthere pa pepala loyera. Alipo ogulitsa ena amene amangotsuka yakufa n'kuipopera penti wa siliva kuti ioneke ngati yatsopano. Penti amene wafika mpaka pa mabawuti ndi pa waya akuchenjezeni. Gwirizanani pamaso pa mboni kuti mukaipeza yakufa mudzaibweza. Gulaninso drier yatsopano, yomwe ndi sefa yoyamwa chinyezi, timphira ta O-ring tobiriwira toyenera gasi wa eyakoni wa R134a, ndi botolo losatsegula la oyilo wa PAG. Makompuresa ambiri a Denso amafuna ND-OIL 8, amene amafanana ndi PAG 46.

Musanamasule paipi ina iliyonse, pitani ku galaja imene ili ndi makina okokera gasi kuti akachotse amene watsalamo. Gasi wa R134a amawira pa madigiri 26 kunsi kwa ziro, kotero akakufwaphukirani pa dzanja amaotcha khungu ndi kuzizira, ndipo akalowa m'maso angathe kukuchititsani khungu. Kumutulutsira mumlengalenga kumaonjezeranso kutentha kwa dziko, pakuti kilogalamu imodzi ya gasiyu imasunga kutentha kuposa makilogalamu 1,000 a mpweya wa kaboni. Valani magalasi oteteza maso ndi magolovesi ngakhale akuuzani kuti gasi yense watha.

Kuchotsa kompuresa sikuvuta. Mukachotsa waya wa negetivu pa batire n'kukweza galimoto pa zochirikiza zolimba, jambulani njira imene lamba wadutsa, mumufewetse n'kumuchotsa, muzule pulagi, mumasule mapaipi awiri olowa mu kompuresa, kenako mabawuti atatu kapena anayi amene agwira kompuresa ku injini. Pa galimoto zing'onozing'ono imatuluka bwino chakunsi mukachotsa chophimba cha pulasitiki. Kukamwa kwa mapaipi muzikuphimba nthawi yomweyo ndi pulasitiki woyera womangidwa ndi mphira, makamaka ngati mukugwirira ntchito pabwalo la fumbi.

Tsopano tafika pa gawo limene ndikufuna kuti mulisamale koposa onse, chifukwa ndi pamene kompuresa yoyamba imene ndinaika inathera. Inazizira bwino poyamba, koma nyengo yotentha isanathe inayamba kulira ndipo inauma. Nditamasulanso ndinapeza kuti inaphedwa ndi zinyenyeswa zachitsulo zimene kompuresa yakale inasiya m'kondensa.

Chimene chimachitika ndi ichi. Oyilo wa eyakoni sakhala malo amodzi monga oyilo wa injini amakhalira m'sampu. Amayenda limodzi ndi gasi kuzungulira dongosolo lonse, kuchoka mu kompuresa kupita mu kondensa imene ili kutsogolo kwa rediyeta, kudutsa mu drier ndi mu expansion valve, kavavu kotsitsa mphamvu ya gasi, kulowa mu evaporator ya kuseri kwa dashibodi, imene imaziziritsa mpweya wolowa m'galimoto, n'kubwereranso. Kompuresa ikamadyeka m'kati, zinyenyeswa za aluminiyamu zimatengedwa ndi oyiloyo n'kukakhazikika m'malo onsewa. Mukaika kompuresa ina popanda kuzichotsa, gasi watsopano amazinyamula n'kuzibweretsa pa mapisitoni ake, ndipo zimayamba kuipala kuyambira tsiku loyamba.

Choncho tsanulirani oyilo wa mu kompuresa yakale m'kapu yoyera yokhala ndi miyezo, mukuzunguliza shafiti ndi dzanja kuti atuluke yense, kenako mumuyang'ane padzuwa. Akakhala woyera, wachikasu pang'ono, kapena wobiriwira chifukwa cha utoto wofufuzira kudontha, muli ndi mwayi, ndipo kusintha drier ndi timphira n'kokwanira. Akakhala wotuwa kapena wakuda, wokhala ndi tinthu tonyezimira ngati mchenga wa kunyanja, dziwani kuti ntchito yakula. Pisaninso kansalu koyera kukamwa kwa paipi yopita ku kondensa, chifukwa kumeneko ndi kumene zinyenyeswa zimayambira kuoneka.

Zikapezeka, mapaipi ndi evaporator zimatsukidwa chimodzichimodzi zitamasulidwa, pogwiritsa ntchito mankhwala otsukira eyakoni amene amauma osasiya kanthu, ndipo mankhwalawo mumawalowetsa mobwerera, kuyambira kumene gasi amatulukira. Mubwereze mpaka otuluka akhale oyera, kenako muumitse ndi nayitirojeni kapena mpweya wouma ndithu. Musalole munthu kukutsukirani ndi petulo kapena palafini, ngakhale atanena kuti amachita choncho masiku onse: zimenezi zimafewetsa mphira, zimasungunula oyilo watsopano, ndipo zotsalira zake zimayaka. Kondensa ya galimoto za masiku ano siitheka kutsuka. Ili ndi timachubu tambirimbiri togona moyandikana, tokhala ndi timabowo tochepa kwambiri, moti mankhwala amangodutsa mmene muli motseguka n'kusiya zinyenyeswa mmene zatsekera. Ikaoneka yoyera potulukira, munthu amaganiza kuti yatsukika, pamene dothi likadali momwemo kudikira kutentha ndi mphamvu ya gasi kuti lisunthe. Kondensa yotere isinthidwe basi. Mtengo wake umawawa pa tsiku logula, koma ndi wochepa poyerekeza ndi kugulanso kompuresa, gasi ndi oyilo kachiwiri. Expansion valve nayonso isinthidwe, pakuti kabowo kake ndi kakang'ono ndipo sikachedwa kutsekeka. Drier siitsukidwa konse, ndipo pa Toyota zambiri ndi kathumba chabe ka timibulu toyamwa chinyezi kamene kamalowa m'chubu cha m'mbali mwa kondensa; muikemo pomalizira penipeni kuti isayambe kuyamwa chinyezi cha panja.

Nkhani ya kuchuluka kwa oyilo imayendera limodzi ndi zimenezi. Kompuresa yatsopano nthawi zambiri imabwera ndi oyilo wokwanira dongosolo lonse, pamene ina imabwera youma, ndiye musaganizire, werengani pepala lake. Ngati simunatsuke chilichonse, oyilo wina akadali mu kondensa ndi mu evaporator, choncho khuthulani wa mu kompuresa yatsopano n'kubwezeramo muyezo wofanana ndi umene unatuluka mu yakale. Ngati mwatsuka zonse n'kusintha kondensa, dongosolo lili louma ndipo lifunika muyezo wonse umene buku la galimotoyo likunena. Oyilo akachepa kompuresa imauma, ndipo akachuluka amamata m'kati mwa evaporator moti eyakoni sizizira bwino ngakhale zonse zili zatsopano. Kompuresa ya pa galimoto yangozi muikhuthule oyilo wake yense, muthiremo watsopano pang'ono, muizungulize, mukhuthulenso, kenako muthire muyezo woyenera. Botolo la PAG muzilitseka mukangothira.

Pomanga, pakani timphira tatsopano oyilo yemweyo, ndipo mabawuti a mapaipi musawakokere ndi mphamvu zonse chifukwa akulowa mu aluminiyamu, amene mazinga ake sachedwa kuphwanyika. Musanaike lamba, zungulizani kambale ka kutsogolo ndi dzanja maulendo osachepera khumi kuti oyilo amene wadzaza m'masilinda afalikire.

Kenako lumikizani mageji ndi pampu yokoka mpweya, zomwe mungabwereke kwa amisiri okonza mafiriji, koma mufunse ngati zolumikizira zake zikukwana pa galimoto. Pampu ikoke kwa mphindi zosachepera 30, ndipo ngati mapaipi anakhala otsegula kwa masiku, ifike ola lathunthu. Mpweya ukakokedwa chotere, madzi amene ali m'kati amawira n'kutuluka ngati nthunzi. Akatsalamo amaundana pa expansion valve ndiponso amasanduka asidi akasakanikirana ndi gasi ndi oyilo. Tsekani mavavu, zimitsani pampu, ndipo mudikire mphindi 15 kapena 20. Muvi wa geji ukasuntha kubwerera ku ziro, pali podontha, ndipo kawirikawiri ndi kamphira kamene kapanika molakwika. Amene amakuuzani kuti angothira gasi pang'ono n'kumutulutsa kuti akankhe mpweya akukunamizani, chifukwa njira imeneyo sichotsa chinyezi.

Gasi amathiridwa poyeza kulemera kwake pa sikelo, osati pongoyang'ana geji. Muyezo wake walembedwa pa kachikwangwani kunsi kwa boneti, ndipo pa galimoto zing'onozing'ono umakhala pakati pa magalamu 350 ndi 550. Kachikwangwani komweko kakuuzaninso mtundu wa gasi, popeza galimoto zina zatsopano zimagwiritsa ntchito R1234yf, amene sasakanizidwa ndi R134a. Samalani ndi masilinda otchipa modabwitsa: pa msika wa dziko lonse panapezekapo gasi wachinyengo wosakanizidwa ndi R40, amene amadya aluminiyamu ndipo angathe kuphulitsa kompuresa. Gasi wa R22 wa eyakoni ya m'nyumba ndi R600a wa mafiriji asalowemo. Injini ikamalira, thirani kudzera ku mbali ya mphamvu yochepa yokha, ya paipi yaikulu, silinda ili choimirira, ndipo vavu yofiira ya pa mageji, ya mbali ya mphamvu yaikulu, ikhale yotseka.

Mukamaliza, isiyeni injini ilire payokha kwa mphindi zingapo eyakoni ili yoyatsa musanaponde mafuta. Pa tsiku lotentha, geji ya buluu, ya mbali ya mphamvu yochepa, imakhala pakati pa 25 ndi 45 psi, yofiira pakati pa 150 ndi 250 psi, paipi yaikulu imazizira mpaka kuchita mame, ndipo fani ya kutsogolo kwa injini iyenera kuzungulira. Fani ikapanda kuzungulira, zimitsani msanga, chifukwa mphamvu ya gasi imakwera mofulumira galimoto ikaima. Pakani thovu la sopo polumikizira ponse kuti muone ngati pakutuluka mpweya, bwezerani zotsekera pa mavavu awiri a pa mapaipi pamene munalumikiza mageji, ndipo pakatha sabata muonenso kulimba kwa lamba. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi muziyatsabe eyakoni kwa mphindi khumi pa sabata kuti oyilo azifika pa mphira wa shafiti.