Chisa cha mavu pakhomo: gwirani foni kaye musanagwire muuni

Nyumba zathu kuno ku Mzuzu zili ndi malo ambiri amene mavu amawakonda: kunsi kwa malata pakhonde, m'chimbudzi chapanja, m'khola la nkhuku, m'bokosi la mita ya ESCOM, ngakhale mumtengo wa mapeyala kuseri kwa nyumba. Mvula kuno imakhalitsa, imafika mpaka Epulo kapena Meyi, ndiye mavu amasaka pouma, posafika mphepo. Munthu akangoona chisa, nzeru yoyamba imakhala muuni kapena petulo. Pempho langa ndi lakuti muyambe mwachijambula, chifukwa chochita chenicheni chimadalira mtundu wa tizilombo mwapezato.

Alipo mavu oumba ndi dothi, aja amamata timiphika pakhoma kapena kuseri kwa kabati. Amenewa sakhala pagulu, ndipo saluma wamba. Mayi mmodzi amaumba, n'kuikamo akangaude kapena mbozi zoti mwana wake adye, n'kutseka. Ngati akudetsa khoma, palani ndi mpeni basi. Ovuta ndi aja oning'a pamimba, ouluka miyendo ili lendelende. Chisa chawo ndi chotuwa, chopyapyala ngati pepala, cholendewera pa kaphesi kamodzi, timabowo take tili poyera. Amachimanga ndi ulusi wa mitengo youma ndi udzu umene amatafuna n'kusakaniza ndi malovu. Awa ndiwo amateteza chisa pagulu, ndipo mmodzi yemweyo amaluma kangapo, pakuti mbola yake sitsalira pakhungu monga imachitira ya njuchi. Koma mukaona tizilombo tambirimbiri tikulowa ndi kutuluka pa kabowo ka siling'i, kapena titaunjikana panthambi, zimenezo mwina ndi njuchi. Musazipopere mankhwala. Chigawo chino chili ndi alimi a njuchi ambiri, ndipo wodziwa akhoza kuzisamutsira mumng'oma.

Pojambula, sankhani m'mamawa kusanafunde. Kuzizira kwa Mzuzu, makamaka mu Juni ndi Julayi, kumatithandiza: mavu amakhala ali duu pachisa, sauluka msanga. Imani patali, mamita atatu kapena kuposa, mukokere chithunzi pafupi ndi zoom, mapazi akhale pomwepo. Zimitsani flash. Imani chammbali, osatsekereza njira imene akudzera pobwera ndi pochoka. Musagogode mtanda kapena kugwedeza nthambi kuti aonekere bwino, ndipo ana akhale m'nyumba. Mukaona mavu atembenukira kwa inu atakweza mapiko, ndiye kuti akuchenjezani. Bwererani m'mbuyo pang'onopang'ono, osakupiza manja. Zithunzi ziwiri zikwana, china cha chisa chenichenicho, china choonetsa pamene chili, kaya pafupi ndi chitseko kapena waya wa magetsi. Tumizani pa WhatsApp kwa mlangizi wa zaulimi wa m'dera lanu kapena mlimi wa njuchi. Mukajambulanso patapita sabata mudziwa ngati chikukula.

Apa ndiye pali mfundo imene ndimafuna alimi anzanga aimvetse. Mavu amalera ana awo ndi mbozi. Tsiku lonse amayendera masamba a rape, kabichi, tomato ndi chimanga, kugwira mbozi, kuzitafuna n'kupita nazo kuchisa. Ife amene tavutika ndi mbozi za ntchemberezandonda kuyambira cha m'ma 2017 sitiyenera kupha mlenje wotere popanda chifukwa. Chisa chimene chili pamwamba mumtengo kumapeto kwa dimba, kumene anthu sadutsadutsa, chisiyeni. Ingouzani a pabanja ndi aganyu kuti asamadule nthambi pamenepo. Chochotsa ndi chimene chili pakhomo lolowera, m'chimbudzi, m'bafa, posewerera ana, kapena paliponse ngati m'nyumbamo muli munthu amene adatupapo thupi lonse atalumidwa. Munthu woteroyo asakhale ndiye wochotsa.

Moto ayi. M'madera othinana ngati Chibavi, Masasa ndi Mchengautuwa, mipanda ndi makhitchini zimayandikana, kotero muuni umodzi ukhoza kusautsa mabanja angapo. Nayo mitanda ya paini sichedwa kugwira moto. Petulo ndiye woopsa koposa.

Pochotsa chisa, dikirani kutada kapena mbandakucha, mavu onse atabwerera. Valani malaya ochindikala a manja aatali, buluku lolowetsa m'masokosi, nsapato zotseka, magolovesi ndi chipewa, nkhope muphimbe ndi chidutswa cha neti yakutha. Tochi musaigwire m'manja. Ikani pampando chapatali iwalire chisa, chifukwa mavu akadzidzimuka amalunjika kumene kukuchokera kuwala. Onetsetsani kuti njira yothawira ilibe ndowa kapena njinga. Chisa chaching'ono chimatheka ndi madzi a sopo wambiri m'sipuleya yotsuka bwino: nyowetsani chonse mosalekeza, sopoyo amatseka timabowo timene amapumira ndipo amalephera kuuluka. Mankhwala opopera a m'chitini ngati Doom amagwiranso, bola mutsate zolembedwa pachitinicho, muchotse chakudya ndi ziweto pafupi, ndipo pasakhale mbaula kapena kandulo woyaka. Mawa lake gwetsani chisacho ndi mtengo wautali, muchikwirire, mupale ndi kaphesi komwe kuti otsala asayambirenso pomwepo. Chikakhala m'bokosi la mita musathiremo madzi. Chimenecho, pamodzi ndi chisa chachikulu chofuna makwerero, itanirani odziwa ntchitoyi. Kugwa pamakwerero mukuthawa kumavulaza kuposa mbola.

Mukalumidwa, chokanipo kaye, tsukani ndi sopo, ikanipo nsalu yonyowa ndi madzi ozizira. Ngati ndi padzanja, vulani mphete chala chisanatupe. Panado amachepetsa ululu. Kutupa kwa pamalo pomwepo kumaphwa pakatha masiku ochepa. Koma munthu akayamba kubanika, kutupa milomo, lilime kapena nkhope, kutuluka zidzolo thupi lonse kapena kuchita chizungulire, musadikire kuti kuche. Chimodzimodzi amene walumidwa m'kamwa, ndi mwana amene walumidwa ndi mavu ambiri. Pezani galimoto nthawi yomweyo mupite naye ku Mzuzu Central Hospital kapena chipatala chimene muli nacho pafupi, ndipo mukafika nenani pakhomo pomwepo kuti walumidwa ndi mavu ndipo akuvutika kupuma, kuti asaime pamzere.