Masamu a sitandade 5 atengereni kumsika

Aphunzitsi anzanga, m'malo mongolemba 450 × 6 pa bolodi, auzeni ana kuti mayi ena akugulitsa nsomba pa Bangula, mulu umodzi K450, agulitsa milu 6 koma wakabaza wawalipiritsa K800 kupita ndi kubwera, ndiye atsala ndi zingati? Musathamangire kupereka ansala ayi. Asiyeni akangane kaye m'magulu, wina anena 2,700 wina 1,900, inu muzingofunsa kuti "wapeza bwanji?" ndipo olakwitsa uja ayambe ndiye kufotokoza, kuchonga kubwere pambuyo. Kenako isokonezeni nkhaniyo, nanga milu iwiri itaola ndi kutentha kwa kuchigwa kuno mu Okotobala? Muona ngakhale mwana wa phee uja wakweza mkono, poti zimenezi amaziona kwawo.