Momwe mungayamikire anzanu pa ntchito kuti zinthu zizikonzeka tsiku ndi tsiku

Mmaofesi ambiri, mzipatala, mma shopu ngakhale ku garaja, amene amadziwa bwino pomwe ntchito ikuvuta nthawi zambiri sakhala nawo mmiting'i ya mabwana. Ndi mayi woyeretsa amene amaona mpope wodontha mmawa uliwonse, mlonda amene amadziwa geti yosatsekeka bwino, kalaliki wa ku stolo amene amataya nthawi kusakasaka faelo imodzi. Koma ambiri anangosiya kulankhula, chifukwa tsiku lina anapereka ganizo labwinobwino, supavaiza nkukalinena kwa abwana ngati lake. Munthu akapangidwa zimenezi kawiri basi amatseka pakamwa, amangodikira malipiro. Ndiye ngati mukufuna zinthu zizisintha pamalo panu, yambani ndi kubweza ulemu kwa eni maganizo.

Choyamba, dzukani pampando mupite pomwe ntchito ikugwiridwa. Ku Toyota, mkulu wina dzina lake Taiichi Ohno ankalemba kabwalo ndi choko pansi mu fakitale nkuuza injiniya kuti ayime mmenemo aziyang'ana mpaka aone pomwe nthawi ndi katundu zikuonongeka. Inu simukufunika choko, mphindi 15 zokha zikwana. Funso lake likhale loti "chimakuvutani nchiyani pa ntchito yanuyi?" Mukayamba ndi "bwanji simunamalize" ndiye kuti mwatseka kale khomo.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo: poyamikira tchulani dzina la munthu ndi chimene wachita. Zoti "mwagwira ntchito nonse, pitirizani" kumapeto kwa miting'i sizifika pamtima pa aliyense, waulesi ndi wakhama onse amangowomba mmanja mofanana. Yesani chonchi: "Achemwali, kusanja mafaelo mwa zilembo kuja kwathandiza zedi, dzulo makasitomala sanadikire pa benchi." Munthu amadziwa kuti mwaonadi, ndipo anzake amva chenicheni chimene chikufunika. Nenani tsiku lomwelo kapena sabata yomweyo, osadikira pate ya Khisimisi. Pa gulupu ya WhatsApp ya kuntchito lembaninso, ndipo polemba lipoti lopita kwa akuluakulu dzina la mwini ganizo likhalemo, apa ndi pamene ambiri amabera anzawo mwakachetechete. Ngati ndinu wantchito wamba musaganize kuti izi ndi za mabwana okha ayi, mnzanu akakugwirirani shifiti mwana wanu atadwala, kapena akakuphunzitsani kompyuta, nenani pamaso pa anthu.

Komanso muziwadziwa anthu anu. Ena sakonda kutchulidwa pagulu chifukwa choopa nsanje, mukudziwa mmene zimakhalira, munthu akayamikiridwa kawiri amayamba kutchedwa wokondedwa wa abwana. Oterewa ayitaneni pambali. Ndipo za wantchito wabwino wa mwezi zija ine sindizikonda kwenikweni, chithunzi chimangozungulira anthu omwewo a mu ofesi pomwe alonda, oyeretsa, madalaivala ndi amesenjala sakumbukiridwa, makamaka akakhala olembedwa ndi kampani ina ya kontrakiti. Muziwawerengera nawo.

Chachitatu, pakhale polemba maganizo. Toyota inayambitsa dongosolo lolandira maganizo a antchito mu 1951 ndipo mpaka pano ndi chimodzi mwa zimene imadziwika nazo, kusintha kwapang'onopang'ono kumene a ku Japan amati kaizen. Kwathu kuno bokosi la maganizo timalidziwa, lokhoma ndi loko, fumbi lokhalokha, palibe amatsegula. Lisiyeni. Gulani kope lachikuto cholimba kapena pachikani bolodi poonekera, mulembe mizere inayi: dzina, vuto, ganizo, yankho. Mzere wa yankhowo ndi umene uli ndi moyo. Sabata isathe musanayankhe, ngakhale yankho likhale loti pano ndalama palibe tidzaonanso mwezi wa mawa. Munthu amapirira kukanidwa akauzidwa chifukwa chake, chimene chimamupweteka ndi kusayankhidwa.

Chachinayi, yesani kaye pang'ono. W. Edwards Deming, wa ku America amene anakaphunzitsa akuluakulu a makampani ku Japan mu 1950, ankalimbikitsa zokonza dongosolo, kuliyesa, kuona zotsatira kenako nkusankha chochita, mobwerezabwereza. Tanthauzo lake pa ntchito yanu ndi lophweka, musasinthe dipatimenti yonse tsiku limodzi, sankhani shelefu imodzi kapena kauntala imodzi kwa masabata awiri. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Poyambira posafuna ndalama ndi 5S, njira ya ku Japan yosanjira ndi kusamalira malo a ntchito. Amene amagwira mzipatala za boma mwina anaimvapo. Chipatala cha amayi cha Castle Street ku Colombo, Sri Lanka, chinayamba kuigwiritsa ntchito mu 2000 motsogozedwa ndi Dr Wimal Karandagoda, ndipo kuyambira 2007 bungwe la chitukuko la boma la Japan lotchedwa JICA linathandiza kuifalitsa mzipatala za maiko a mu Africa kuphatikizapo Malawi. Zochita zake ndi zisanu: chotsani zosafunika, ikani chilichonse pamalo pake, yeretsani, gwirizanani kachitidwe kamodzi, kenako zolowerani. Ku garaja mwachitsanzo, khomani thabwa pakhoma, pachikani masipanala pa misomali nkujambula chithunzi cha sipanala iliyonse ndi penti kumbuyo kwake. Madzulo pofuna kuweruka mukangoponya maso mukuona kuti nambala 13 palibe, mufunsa pomwepo isanalowe mthumba la ovololo nkupita kunyumba. Jambulani ndi foni zinthu zisanasinthe ndi zitasintha, matani zithunzi ziwirizo pa bolodi, pansi pake dzina la amene anaganiza.

Chachisanu, zikalakwika musathamangire kufunsa kuti walakwitsa ndani. Ohno yemwe uja ankaphunzitsa kufunsa "chifukwa chiyani" kasanu, ndipo chitsanzo chake chinali cha makina amene ayima. Ayima chifukwa chiyani? Fyuzi yapsa, makina analemedwa. Analemedwa chifukwa chiyani? Beringi inalibe oyilo wokwanira. Chifukwa? Pampu simapopa bwino. Chifukwa? Shafiti yake inaperepeseka. Chifukwa? Panalibe sefa, tizitsulo tinkalowa mkati. Mukanangosintha fyuzi nkukalipira mnyamata wa pa makinawo, pakapita miyezi vuto lomwelo likanabweranso. Ndipo amene waulula vuto, ngakhale litakhala lochokera mmanja mwake, muthokozeni chifukwa chonena msanga. Mukamuchititsa manyazi pagulu, ena onse aphunzira kubisa, ndiye mudzazidziwa zinthu zitafika kale poipa.

Za mphatso sindinena zambiri. Mayunitsi, kalata yoyamikira yolowa mu faelo ya munthu, kumutumiza ku maphunziro, kapena kumulola aweruke msanga Lachisanu, zonsezi ndi zabwino bola zikhale zachilungamo ndipo aliyense adziwe chifukwa chake wapatsidwa. Chenjerani kuti zisafike poti popanda alawansi palibe amene apereke ganizo. Komanso zikomo salowa mmalo mwa malipiro, ngati anthu sanalandire ovataimu yawo konzani zimenezo kaye.

Ganizo likayenda bwino, lilembeni papepala limodzi mwachidule, mulimate pomwe ntchitoyo imachitikira, ndipo mwini wakeyo ndi amene aphunzitse anzake a shifiti ina ndi obwera kumene. Kenako ikani mphindi 10 Lolemba lililonse mmawa, muli chiyimire, muwerenge kope lija: zomwe zayankhidwa, zomwe zikuyesedwa sabata ino, ndi amene atenge shelefu yotsatira.