Pulogalamu ya help desk ikamagwa pokoka lipoti lalikulu

Mwadina batani kuti mukoke lipoti la matikiti (madandaulo ndi mafunso a makasitomala) a chaka chonse, kampira kazungulirazungulira, kenako tsamba langoti mbee. Kapena lalemba 500, kapena 504, manambala osonyeza kuti zavuta ku seva. Musathamangire kutukwana pulogalamuyo. Kawirikawiri lipotilo langogunda malire amene seva inaikiridwa. Ndikunena za mapulogalamu oyendera PHP ndi MySQL, monga osTicket ndi GLPI, amene mumasunga pa seva yanuyanu.

Yambani ndi kukoka lipoti lomwelo koma la sabata imodzi yokha. Likatuluka bwinobwino, ndiye kuti vuto ndi kukula basi.

Tsegulani error log ya seva, fayilo yomwe seva imalembamo zolakwika, nthawi yomweyo, musanaiwale ola lomwe zagwera. Mukapezamo "Allowed memory size of 134217728 bytes exhausted", memory yatha: nambalayo ndi 128M, malire amene PHP imabwera nawo. Mukapeza "Maximum execution time of 30 seconds exceeded", nthawi ndiyo yachepa. Koma 504 yotuluka pakatha mphindi imodzi ndi Nginx, pulogalamu yotumiza masamba ku browser, yatopa kudikira PHP, chifukwa fastcgi_read_timeout yake, nthawi yomwe imadikira, imayambira pa masekondi 60.

Tsopano mu php.ini, fayilo yoikamo malire a PHP, kwezani memory_limit ifike 512M, ndi max_execution_time ifike 300. Apa mpamene ine ndinataya masiku awiri athunthu. Ndinasintha fayilo, ndinasunga, ndinalemba php -i pa terminal kuti ndione malire, 512M nkuoneka poyera. Kukoka lipoti, gwaa, ndipo log ikunenabe 134217728 yomwe ija. Ndinakweza kufika 1G, chimodzimodzi. Ndinayamba kukayikira disiki, netiweki, mpaka browser ya amene ankafuna lipotilo. Kumeneku nkuti pa Ubuntu php.ini si imodzi: ya cli ili payokha, ya fpm payokha, ya apache2 payokhanso. Ine ndinkakonza ya cli, imene imagwira ntchito pa terminal pokha, pamene tsamba limawerenga ya fpm. Choncho pangani kafayilo ka phpinfo(), katseguleni pa browser, muwerenge mzere wa "Loaded Configuration File". Fayilo yotchulidwa pamenepo ndiyo yoti musinthe. Mukatha yambitsaninso php-fpm, apo ayi palibe chosintha, ndipo kafayilo kaja kafufuteni, kamaulula zambiri za seva yanu kwa aliyense wokapeza.

M'masiku awiri amenewo, munthu wina amene amatigulitsa zipangizo anali atanditumizira kale kotesheni ya seva yatsopano, log osaiona ngakhale mzere umodzi. Chenjerani nawo oterewa. Musaikenso memory_limit pa -1 ngati mmene ena amalangizira kuti muthane nazo msanga. Lipoti limodzi likhoza kumeza RAM yonse, Linux nkupha MySQL, onse oyankha makasitomala nkungokhala manja lende.

Likamagwabe, vuto likhoza kukhala ku database. Yatsani slow query log ya MySQL, yomwe imalemba ma query (mafunso opita ku database) ochedwa, query yochedwayo muiyeze ndi lamulo la EXPLAIN, ndipo ngati ikuwerenga tebulo lonse, ikani index (kalozera wofulumizitsa kufufuza) pa column ya tsiku. Backup kaye, izo mukudziwa. Lembaninso df -h muone malo otsala pa disiki, chifukwa disiki ikadzaza MySQL imasowa poika matebulo ake osakhalitsa.

Zotsalazo ndi zapafupi. Kokani CSV m'malo mwa PDF, gawani chaka m'miyezi itatuitatu, ndipo malipoti olemera aziyenda usiku kudzera pa cron, pulogalamu yoyendetsa ntchito pa nthawi yoikika. Fayilo ikatuluka koma nkumaoneka yodukira, kumbukirani kuti Excel imalekeza pa mizere 1,048,576.