Kuphunzitsa nzeru za kompyuta pogwiritsa ntchito makatoni ndi zitsekerero za mabotolo

Aphunzitsi, kusowa kwa magetsi kapena makompyuta pasukulu kusakulepheretseni kuphunzitsa mmene makinawa amagwirira ntchito. Mwana amafunika kumvetsa kaye mmene kompyuta imasungira nambala, mmene imadziwira kuti penapake palakwika, ndi mmene imatsatira malangizo. Zonsezi zimaphunzitsika pansi pa mtengo. Njira yophunzitsira ndi masewera otere anaiyamba a Tim Bell, Ian Witten ndi Mike Fellows m'zaka za m'ma 1990, ndipo imadziwika kuti CS Unplugged.

Yambani ndi makhadi a madontho. Dulani makhadi asanu pa katoni, lililonse kukula ngati tsamba la kope, kuti wa kumbuyo kwa kalasi aone bwino. Jambulani madontho akuluakulu: khadi loyamba dontho limodzi, lachiwiri 2, kenako 4, 8 ndi 16. Kuseri kukhale kopanda kanthu. Ana asanu aime kutsogolo, wa dontho limodzi akhale kumanja kwa amene akuonerera. Apa pamalakwika kawirikawiri, chifukwa oimirirawo ayang'anizana ndi anzawo, ndiye kumanja kwawo ndi kumanzere kwa kalasi. Imani kumbuyo kwa kalasi muone nokha musanayambe.

Musaonetse makhadi onse nthawi imodzi. Onetsani 1, 2 ndi 4, mufunse kuti lotsatira likhala ndi madontho angati. Ena anena 5, ena 6. Asiyeni atsutsane mpaka wina atulukire kuti khadi lililonse ndi kuwirikiza kawiri linzake. Akazipeza okha saiwala.

Lamulo ndi limodzi: khadi lionekere lonse kapena libisike lonse, palibe kuphimba theka ndi dzanja. Tsopano pemphani madontho 13, kuyambira ku khadi lalikulu. La 16 laposa, libisike. La 8 lionekere, patsala 5. La 4 lionekere, patsala 1. La 2 libisike, la 1 lionekere. Pa bolodi lembani 1 pa khadi loonekera ndi 0 pa lobisika, mupeza 01101. Imeneyi ndiyo binary, njira imene kompyuta imasungira nambala pogwiritsa ntchito 0 ndi 1 basi, ndipo khadi lililonse likuimira bit imodzi. Ana aziwerenga manambalawa limodzilimodzi, asawerenge ngati 1,101, chifukwa akatero asokoneza ndi kawerengedwe ka tsiku ndi tsiku. Kenako awerenge kuchokera pa 0 mpaka 31. Wa dontho limodzi manja atopa chifukwa azitembenuza pa nambala iliyonse, pamene wa 16 atembenuza kamodzi kokha. Makhadi akafika asanu ndi atatu ndiye byte, yomwe imasunga nambala kuyambira 0 mpaka 255, ndipo mu ndondomeko ya ASCII, yopatsa zilembo manambala, chilembo A chimasungidwa ngati 65.

Sewero lachiwiri, lolozera chitsekerero chimene mwana watembenuza inu musakuona, ndilo limakoka mtima wa ana kwambiri, ndipo liyenera kukonzekeredwa bwino. Tolani zitsekerero za mabotolo 36 zofanana. Mwana ayale 25 m'mizere isanu ya zisanuzisanu, zina chogada zina zovundikira, mmene iye wafunira. Inu munene kuti mukufuna zivute kwambiri, muwonjezere chitsekerero chimodzi kumapeto kwa mzere uliwonse wopingasa ndi mzere wina wonse pansi, zikhale zisanu ndi chimodzi mbali zonse. Chinsinsi chili pa kuwonjezerako. Mumzere uliwonse, wopingasa ndi wotsika womwe, zogada zikhale ziwiriziwiri popanda chotsala: 0, 2, 4 kapena 6. Mzere ukakhala ndi zogada zitatu, chanucho chikhale chogada. Ukakhala ndi ziwiri, chanucho muvundikire. Cha pangodya chiyenera kugwirizana ndi mizere yonse iwiri. Chikakana, dziwani kuti mwaphonya powerenga penapake, bwererani mwakachetechete.

Tembenukani, mwana atembenuze chitsekerero chimodzi chokha. Mukayang'ananso, mzere umodzi wopingasa ndi umodzi wotsika ukhala ndi chogada chopanda chinzake, ndipo pamene mizereyo yakumana ndi pomwe pali chotembenuzidwacho. Yesererani kunyumba mpaka muzitha kuyala mofulumira, chifukwa ana akakuonani mukuwerenga ndi chala sewero latha. Musaulule msanga. Afunseni aone zimene mizere yonse ikufanana.

Akamvetsa, pitirirani. Akatembenuza ziwiri mudziwa kuti palakwika koma simungaloze motsimikiza kuti ndi ziti. Akatembenuza zinayi zokhala pa ngodya zinayi za bokosi, mizere yonse ioneka bwinobwino ndipo cholakwikacho sichidziwika. Chowonjezeracho chimatchedwa parity bit. Nzeru yofanana nayo ili pa barcode, timizere takuda tija tokhala ndi manambala 13 pa katundu wa m'sitolo: nambala yomaliza imachokera pa 12 zoyambazo kuti makina adziwe ngati awerenga molakwika. Bweretsani paketi yopanda kanthu ana aione.

Za kulemba pulogalamu, jambulani pabwalo ndi phulusa mabokosi 36, asanu ndi limodzi mbali iliyonse, lililonse lokwana kuimamo mwana. Ikani mwala m'bokosi lina. Mmodzi akhale loboti, wina alembe papepala malangizo onse okafikira pamwalapo loboti asanasunthe, wachitatu aziwerenga mokweza. Malangizo ndi atatu okha: pita bokosi limodzi kutsogolo, tembenukira kumanja, tembenukira kumanzere. Fotokozani kuti kutembenuka kumachitikira pomwepo, osasuntha. Vuto lalikulu ndi loboti wachifundo amene amakonza yekha zolakwika za mnzake. Mletseni ndithu, chifukwa phunziro lonse lagona poti kompyuta imachita zimene yauzidwa basi. Akaphonya mwala, gulu lipeze langizo lenileni lomwe lalakwika, likonze lokhalo, osafufuta zonse.

Pa kalasi yaikulu, onetsani kamodzi kutsogolo, kenako gawani ana m'magulu a asanu kapena asanu ndi mmodzi, gulu lililonse ndi zipangizo zake. Sewero limodzi pa phunziro limodzi ndi lokwanira, ndipo siyani mphindi khumi zomaliza kuti ana alembe m'kope zimene apeza pamodzi ndi dzina la chinthucho. Zitsekerero zachitsulo zimacheka zala zikachita dzimbiri, choncho sankhani zapulasitiki, muzitsuke, ndipo muziwerenge musanazibwezere m'thumba.